Kodi Galu Ndi Wodya Nyama Yokhayokha Kapena Wodya Zakasakaniza?

Mawu oyamba

Makomo ambiri kuno ku Rumphi ali ndi galu, kapena kuti ntchewe m'Chitumbuka. Ku Hewe ndi ku Mwazisi, m'malire a nkhalango ya Vwaza, agalu amathandiza kupirikitsa anyani ndi nguluwe m'minda ya chimanga. Ku Bolero ndi m'chigwa cha Henga amalondera zigafa za fodya, nkhokwe ndi makola usiku. Komatu tikamawerenga ziweto zathu, galu timamuiwala. Nkhuku timaziwazira madeya, nkhumba timaiphikira, mbuzi timaimangirira pamsipu wabwino. Galu amangodikira mkute ndi nkhoko, ngati zatsala.

Nkhani ya chakudya cha galu ikabuka pakati pa alimi, pamamveka maganizo awiri. Ena amati galu ndi wodya nyama, ndipo poti nyama ndi yodula, asiyidwe azidzisakira yekha. Ena amati galu amadya chilichonse, choncho nsima yokha ndi yokwanira. Maganizo awiriwa ndi osiyana, koma mapeto ake ndi amodzi: galu wanjala. Ndipo galu wanjala amatha nkhuku, amadanitsa anthu oyandikana nyumba, komanso amabweretsa matenda pakhomo.

Zolinga za phunziroli

Pomaliza phunziroli, mlimi aliyense athe:

1. Kufotokoza zimene mano ndi matumbo a galu amatiuza za chakudya chake.
2. Kufotokoza chifukwa chake nsima yokha siikwanira.
3. Kukonza chakudya cha galu kuchokera ku zokolola za pakhomo.
4. Kutchula zakudya zimene galu sayenera kupatsidwa.

Magulu atatu a kadyedwe

Tikatengera zimene zimadya, nyama timaziika m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zodya udzu ndi masamba, monga ng'ombe, mbuzi ndi akalulu. Lachiwiri ndi la zodya nyama zinzake, monga mkango, kambuku ndi mphaka. Lachitatu ndi la zodya zakasakaniza, zomera ndi nyama zomwe, monga nkhumba, nkhuku ndi ife anthu.

M'mabuku a sayansi galu amalembedwa m'fuko lotchedwa Carnivora, dzina la Chilatini lotanthauza zodya nyama. Koma dzinali limanena za ubale, osati za chakudya cha tsiku ndi tsiku. M'fuko lomweli muli nyama ya ku China yotchedwa panda, yomwe pafupifupi chakudya chake chonse ndi nsungwi. Choncho dzina lokha silingatiyankhe. Tiyeni tione thupi la galuyo.

Zimene thupi la galu limatiuza

Mano. Galu wamkulu ali ndi mano 42, pamene munthu ali ndi 32 ndipo mphaka ali ndi 30. Mano anayi osongoka akutsogolo ndi ogwirira ndi kung'ambira. M'mbali muli mano akuluakulu akuthwa amene amadutsana ngati sizasi. Amenewa ndi odulira mnofu ndi kuswera mafupa. Awa ndi mano a nyama yosaka. Koma kumbuyo kwenikweni galu ali ndi mano ena afulatiko ophwanyira chakudya, amene mphaka alibe otero.

Nsagwada. Yang'anani mbuzi ikamabzikula: nsagwada yake imapita uku ndi uku ngati mphero. Ya galu imangotseguka ndi kutsekeka. Galu sapera chakudya, amangodula n'kumeza. N'chifukwa chake akadya chimanga chachiwisi kapena chosasinja, njere zambiri zimatuluka zathunthu m'chimbudzi chake.

Malovu. Ifeyo tikatafuna nsima kapena chinangwa kwa kanthawi, timamva kutsekemera, chifukwa malovu athu amayamba kugaya sitachi m'kamwa momwemo. Malovu a galu sagwira ntchito imeneyi mokwanira. Sitachi amakagayidwa m'matumbo ndi timadzi tochokera ku kapamba.

Matumbo. Amene munasendapo mbuzi mukudziwa kutalika kwa matumbo ake: amaposa thupi lake nthawi zoposa 20. A nkhumba amaliposa pafupifupi nthawi 14, a galu pafupifupi 6, a mphaka pafupifupi 4. Matumbo aatali ndi ogayira udzu, aafupi ndi ogayira nyama. Galu ali pafupi ndi mphaka kusiyana ndi mbuzi, ndipo sangakhale ndi moyo ndi udzu kapena madeya osaphika.

Tikaima pamenepa, tinganene kuti a maganizo oyamba aja apambana. Koma nkhani siithera pa mano ndi matumbo.

Mmene kukhala ndi anthu kunasinthira galu

Makolo a galu ndi mimbulu ya ku Ulaya ndi ku Asia, yomwe imakhalira kusaka nyama. Anthu anayamba kukhala ndi agalu zaka zoposa 14,000 zapitazo, asanayambe kulima kapena kuweta ng'ombe ndi mbuzi. Ulimi utayamba, chakudya chotsala pakhomo chinakhala cha tirigu, mpunga ndi mbewu zina. Agalu amene matupi awo ankatha kugaya zotsalazi ndiwo ankakhala ndi moyo ndi kuswana bwino.

M'chaka cha 2013, akatswiri a pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden, motsogozedwa ndi Erik Axelsson, anayerekeza chibadwa cha agalu ndi cha mimbulu ija. Anayang'ana kachidutswa ka chibadwa kotchedwa AMY2B, kamene kamalamula kapamba kupanga timadzi togaya sitachi. Anapeza kuti mimbulu ili ndi tizidutswa tiwiri tokha, pamene agalu ali nato kuyambira 4 mpaka 30. Apa ndi pamene pagona kusiyana: galu amagaya bwino chimanga, mpunga, mbatata ndi chinangwa, bola zikhale zophika.

Palinso zina zimene thupi la galu limachita koma la mphaka silitha. Galu akadya dzungu kapena mbatata yofiira mkati, thupi lake limapanga vitamini A, monga limachitira lathu. Mphaka ayenera kupeza vitamini ameneyu kuchokera ku nyama basi. Mphaka ndiye wodya nyama weniweni.

Abale a galu a m'dziko lathu lino amationetsa mbali zonse ziwiri. Mimbulu ya kuno ku Africa, imene inabwezeretsedwa m'nkhalango za Liwonde ndi Majete mu 2021, imadya nyama yokhayokha. Koma nkhandwe, imene imapezeka ku Nyika ndi m'tchire la madera ambiri, imadya mbewa, mbalame, ziwala, ngumbi komanso zipatso zakugwa. Kadyedwe ka galu wa pakhomo kakufanana ndi ka nkhandwe.

Yankho lake ndi ili: galu ali ndi thupi la nyama yosaka, koma m'mimba mwake munazolowera chakudya cha anthu. Ndi wodya zakasakaniza wopendekera ku nyama. Safunika nyama tsiku lililonse, koma amafunika zomanga thupi zambiri kuposa zimene zili mu nsima.

Chifukwa chake nsima yokha siikwanira

Bungwe la AAFCO la ku America, limene limaika miyezo ya zakudya za ziweto, limati pa magawo 100 a chakudya chouma cha galu wamkulu, magawo 18 kapena kuposa akhale zomanga thupi. Kwa ana agalu ndi galu wabere kapena woyamwitsa, akhale oposa 22. Chimanga chili ndi magawo 8 mpaka 10 okha, ndipo chinangwa chili ndi ochepa kwambiri kuposa pamenepa. Choncho galu wodya nsima yokha amapeza theka chabe la zomanga thupi zimene amafunika, ngakhale mimba itakhuta.

Vuto lina ndi la vitamini wotchedwa niacin. M'chimanga alimo, koma ndi womangika mwakuti thupi limalephera kumugwiritsa ntchito. M'zaka za m'ma 1920, dokotala wa ku America dzina lake Joseph Goldberger ndi anzake ankafufuza matenda a pellagra, amene ankapha anthu osauka odalira chimanga. Matendawa amayambitsa zilonda zokhala ngati zakupsa pakhosi ndi m'manja, kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Atadyetsa agalu chakudya chonga cha anthuwo, agaluwo anadwala matenda otchedwa lilime lakuda: zilonda m'kamwa, dovu lonunkha, kukana kudya ndi kutsegula m'mimba. Mu 1937, Conrad Elvehjem wa pa yunivesite ya Wisconsin anachiritsa agalu otere ndi niacin, ndipo mankhwala a pellagra kwa anthu anadziwika kuchokera pamenepo.

Matendawa si achilendo kwathu kuno. Mu 1990, anthu oposa 17,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala m'Malawi anadwala pellagra, mtedza utasiya kugawidwa kwa miyezi ingapo. Phunziro lake ndi limodzi kwa munthu ndi galu yemwe: nsima imafuna ndiwo. Zimene timaphunzira za magulu asanu ndi limodzi a zakudya zimagwiranso ntchito kwa galu.

Chachitatu ndi mchere wolimbitsa mafupa wotchedwa kashiamu. Chimanga chili ndi wochepa. Ana agalu okulira nsima yokha amapinimbira, ndipo ena miyendo imapindika. Galu woyamwitsa amauma mpaka nthiti kuwerengeka, chifukwa pa nthawiyi amafuna chakudya chochuluka kawiri kapena katatu kuposa masiku onse.

Mtengo wa galu wanjala

Pali chikhulupiriro chakuti galu ukamamumana chakudya amalusa ndipo amalondera bwino. Taganizani: galu wanjala usiku amakhala kuti? Amakhala kudzala la eni ake, kumsika kapena kutchire. Wakuba akamafika, mlonda palibe. Pali chinanso chakuti galu ukamulawitsa nyama kapena nsomba amasanduka wakuba. Chimene chimaphunzitsa galu kuba ndi njala ya zomanga thupi, osati kulawa. Nazi zimene mlimi amataya:

Nkhuku ndi mazira. Galu akazolowera kumwa mazira m'chisa kapena kugwira anapiye, kumuletsa n'kovuta. Akagwira za mnzanu, mlandu umakathera kwa amfumu, ndipo nthawi zina galuyo amathiridwa tameki.

Chigodola cha nkhumba. Galu sadwala matendawa, koma amatha kufukula nkhumba yakufa imene sinakwiriridwe mozama n'kukokera fupa kapena chikopa pafupi ndi khola lanu. Matendawa alibe mankhwala.

Mbuzi zozungulira mutu. Galu akadya mutu wosaphika wa mbuzi kapena nkhosa yodwala, m'matumbo mwake mumakula njoka yaitali yooneka ngati lamba. Mazira a njokayi amatuluka ndi chimbudzi n'kugwera pamsipu. Mbuzi ikadya udzuwo, muubongo mwake mumamera chithuza cha madzi, ndipo imayamba kuyenda mozungulira mpaka kufa. Mtundu wina wa njokazi umayambitsa zithuza m'chiwindi ndi m'mapapo a ziweto, ngakhalenso a anthu.

Chiwewe. Galu woyendayenda amalumana ndi agalu achilendo ndi nkhandwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Ambiri mwa iwo ndi ana. Zizindikiro zikayamba kuoneka, munthu sachira.

Milandu ya m'nkhalango. Kusaka ndi agalu mu Nyika kapena mu Vwaza ndi mlandu. Mwini galu amene amadalira uzimba kuti galu wake adye akudziika m'mavuto ndi lamulo.

Kakonzedwe ka chakudya cha galu

Simufunika kugula chakudya cha m'masitolo. Zofunika zambiri timalima tokha kapena zimapezeka pamsika. Soya ali ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 38 pa 100, mtedza pafupifupi 25, ndipo usipa wouma umaposa 50. Alimi a kunyanja, monga ku Mlowe ndi ku Chiweta, ali ndi mwayi wa zinyenyeswa za usipa zotsalira pathandala. A kumtunda angapemphe zotsalira pansi pa dengu kwa ogulitsa nsomba.

Muyezo wa galu wamkulu, pogwiritsa ntchito kapu imodzimodzi:

Makapu 6 a mgaiwa
Makapu 2 a ufa wa soya wokazinga
Kapu 1 ya zinyenyeswa za usipa zosinja

Muyezo umenewu umapereka zomanga thupi pafupifupi magawo 20 pa 100.

Muyezo wa ana agalu ndi galu wabere kapena woyamwitsa:

Makapu 5 a mgaiwa
Makapu 2 a ufa wa soya wokazinga
Makapu 2 a zinyenyeswa za usipa zosinja

Ngati usipa palibe, sakanizani makapu 7 a mgaiwa ndi makapu 3 a soya wokazinga, ndipo muziwonjezera ngumbi, ziwala, uwende kapena zam'kati zophika pamene zapezeka. Muthirenso pang'ono makoko a mazira owiritsa ndi kusinja kuti apeze kashiamu.

Potsatira miyezoyi kumbukirani izi:

1. Soya akazingidwe kaye asanagayitsidwe, monga timachitira pokonza chakudya cha nkhuku ndi nkhumba. Soya wosakazinga amalepheretsa thupi kugaya zomanga thupi.
2. Gwiritsani ntchito mgaiwa. Ufa woyera unataya mtima wa chimanga ndi gaga, momwe muli mafuta ndi mavitamini.
3. Phikani ngati phala lolimba mpaka lipse bwino, ndipo lizizire musanapereke.
4. Ponyanimo nkhwani, kholowa, dzungu kapena mbatata yofiira mkati zodula tizidutswa.
5. Amene mumadalira kondowole, chulukitsani usipa kapena nyemba, popeza chinangwa chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri.
6. Pakhale mbale ya madzi oyera tsiku lonse.

Galu wa m'mudzi wolemera makilogalamu 15 amafuna pafupifupi magalamu 250 a ufa wosakanizawu patsiku, omwe ndi pafupifupi kapu imodzi ya theka la lita. Wamkulu adye kamodzi kapena kawiri patsiku, ndipo kamodziko kakhale madzulo kuti agone pakhomo. Ana agalu ongosiya kuyamwa adye katatu kapena kanayi.

Tikawerengera chaka chonse, galu mmodzi amafuna makilogalamu pafupifupi 90, ndipo 60 mwa amenewa ndi chimanga. Ndiye kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 silikwana. Pokolola, muikireni galu gawo lake monga mumachitira ndi nkhumba. Masamu amenewa akutiuzanso kuti agalu asanu pakhomo limodzi ndi katundu wolemera. Galu mmodzi kapena awiri okhuta amalondera bwino kuposa asanu anjala. Funsani alangizi a ziweto za kufula agalu aamuna ndi kutseka aakazi.

Zimene galu sayenera kupatsidwa

Chimanga kapena mtedza wa chuku. Ambirife timasankha zoola n'kuponyera ziweto. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuthetsa. Agalu sachedwa kufa naye. Mu 2011, agalu oposa 200 anafa m'chigawo cha Gauteng ku South Africa atadya chakudya chogula chimene munali poizoni ameneyu.

Mitu, mapapo ndi chiwindi zosaphika. Ziwiritseni mpaka zipse. Chiwalo chilichonse chokhala ndi zithuza chitenthedwe kapena chikwiriridwe mozama.

Chiweto chofa chokha. Ngati simukudziwa chimene chachipha, musadye, musapatse galu. Itanani alangizi a ziweto.

Mafupa ophika a nkhuku ndi minga ikuluikulu ya nsomba. Amasweka mosongoka n'kubaya kukhosi kapena m'matumbo.

Anyezi ndi adyo wambiri. Amawononga magazi a galu. Msuzi wotsala wa anyezi wambiri, mchere wambiri kapena tsabola usakhale ndiwo zake za masiku onse.

Chinangwa chowawa chosaviika ndi madzi oviikamo chinangwa. Zili ndi poizoni.

Khofi, makoko a khofi, fodya ndi mtedza wa makademiya. Alimi a khofi a ku mapiri a Phoka ndi alimi a fodya asamale pamene amataya zotsalira.

Mbewa ndi makoswe ofa ndi mankhwala. Poizoniyo amapha ndi galu yemwe.

Chakudya chabwino sichilowa m'malo mwa katemera. Galu aliyense abayidwe katemera wa chiwewe kuyambira ali ndi miyezi itatu, kenako chaka chilichonse. Agalu 70 pa 100 alionse m'dera akabayidwa, chiwewe chimasiya kufala. Apatsidwenso mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ntchito ya gulu

Monga mwa mwambo wa sukulu yathu, tisangokhulupirira zolembedwa. Tiyese tokha.

Gawo loyamba: kuona. Bweretsani chibade cha mbuzi kapena nkhumba yophedwa kale. Yerekezani mano ake ndi a galu wofatsa, wobayidwa katemera, pamene akuyasamula kapena kudya. Musalowetse dzanja m'kamwa mwa galu. Jambulani zimene mwaona.

Gawo lachiwiri: kuyeza thupi. Mwini wake asisite galu m'nthiti. Ngati nthiti, msana ndi mafupa a m'chiuno zikuonekera patali, galuyo ndi woonda. Ngati nthiti zikumveka pogwira koma sizikuonekera kwambiri, ali bwino. Onaninso ubweya, mphere, nkhupakupa ndi utitiri.

Gawo lachitatu: kuyesa. Sankhani makomo anayi kapena asanu amene ali ndi agalu oonda. Apatseni mankhwala a njoka poyamba, kenako adyetseni muyezo uja kwa masabata asanu ndi limodzi. Sabata iliyonse lembani m'kope la gulu maonekedwe a thupi ndi ubweya, masiku amene galu wagona pakhomo, mazira kapena anapiye amene asowa, ndi ndalama zimene zalowa. Pomaliza yerekezani ndalamazo ndi mtengo wa nkhuku imodzi yaikulu pamsika wa kwanu.

Mafunso okambirana

1. Kodi agalu a m'mudzi mwathu amadya chiyani m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chakudya chachepa pakhomo?
2. Ndi zakudya ziti zomanga thupi zimene timataya koma galu akanadya?
3. Tikapha mbuzi kapena nkhumba, mutu ndi zam'kati zokanidwa timazitaya kuti?
4. Ndani pakhomo amene ali ndi udindo wodyetsa galu: bambo, mayi kapena ana?
5. Ndi agalu angati m'mudzi mwathu amene anabayidwa katemera wa chiwewe chaka chino?

Uthenga wopita nawo kunyumba

Galu si mkango woti azidya nyama yokhayokha, komanso si dzala loti tizitayamo chilichonse. Nsima yophika amaigaya bwino, koma imafuna ndiwo: soya wokazinga, usipa, nyemba, zam'kati zophika ndi masamba. Wetani agalu okhawo amene mungathe kuwadyetsa, aphikireni, abayitseni katemera. Sabata yamawa aliyense abwere ndi chiwerengero cha agalu a pakhomo pake ndi mndandanda wa zimene adya m'masiku asanu ndi awiri apitawa.